Mtsetse wa ku Chikwawa sufuna mabuleki a bodza

Inu a geni amene mumatsikira ku Chikwawa ndi ku Nchalo ndi mabelo a kaunjika, nkubwerako ndi mbuzi, mbatata kaya nsomba za mu Shire, msewu uwu si wachilendo kwa inu. Mukachoka mumzinda wa Blantyre, kudutsa pa Green Corner ndi pa Chadzunda, zonse zimakhala myaa, ena mpaka kuodzera. Kenaka dziko limangotseguka kutsogoloku, chigwa chonse cha Shire nkuonekera pansi penipeni, ndipo nkhani m'galimoto zimatha zokha.

Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene palekezera nyanja ya mchere, pomwe Chikwawa ali pa mamita ngati 100 okha. Ndiye kuti paulendo wa makilomita pafupifupi 50, galimoto imatsika mamita oyandikira 900, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pamakona okhotakhota aja ofikira pa Thabwa. Pamenepo chimene chagwira moyo wanu, mpamba wanu ndi tsogolo la ana anu ndi tizitsulo tinayi tosaposa chikhatho, tobisika kuseri kwa matayala a kutsogolo. Amakaniko amatitcha mapadi.

Magalimoto ang'onoang'ono amene ambirife timachita hayala si a lero ayi. Tengani Toyota Corona: kampani yake inasiya kuipanga mu 2001, kutanthauza kuti Corona iliyonse imene mukuiona pamsewu yadutsa zaka 20. Injini yake njolimba, inde, koma injini ndi yopititsa. Nanga choimitsa?

Mnzanga wina ali ndi Corona yotere, ndipo amanyamula amayi a geni kupita nawo kumunsiko. Itayamba kulira kuti tswii akaponda buleki, chiongolero nkumanjenjemera m'manja, ndinatsagana naye ku Ndirande, kuchipatala cha magalimoto okalamba.

Ndirande sagona. Kunsi kwa phiri lija, nyundo zimalira kuyambira m'mawa: apa akukhoma mbaula, apo akuwotcherera chitseko, uko akusula zidebe. Kumbali ya masipeya, katundu ali mbwee pamatebulo ndi pansi pomwe: magalasi, masipuling'i, mabawuti odzaza m'zitini. Usanatsike nkomwe m'galimoto, anyamata akuzinga kale, aliyense akukutchula kuti bwana, aliyense akulumbira kuti chimene ukufunacho chili kwa iye. Galaja yake ndi pamtetete, pansi pa mtengo, nthaka ili bii ndi oyilo.

Makaniko wathu anali bambo wachikulire wa ovolosi yong'ambika m'mabondo. Anayamba wamasula pang'ono mabawuti a tayala galimoto ikadali pansi, kenaka nkuikweza ndi jeke. Sanakhulupirire jeke yokha. Anaikanso choimikira chachitsulo kunsi kwake, ati jeke ilibe chibale, ikafuna kugwa siuza munthu.

Tayala litachoka, nthenda inaonekera. Buleki ya kutsogolo imagwira ntchito chonchi: pali chimbale chachitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, chimene amati disiki, ndiye pali chopanira, amati kalipa, chimene chimafinya mapadi awiri pachimbalecho, ina uku ina uku, dalaivala akaponda. Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wokhuthala mamilimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ukafika pa 3 ndiye kuti yatha. Zathuzi imodzi inali itatsala ngati chikhadabo, inzake itafika pachitsulo. Kulira kuja ndi kachitsulo kamene opanga amaika dala kuti kazikanda disiki padi ikatha. Ndi belu lochenjeza, osati nyimbo yoti muzikweza wayilesi kuti musaimve.

Apa ndi pamene eni magalimoto ambiri amapunthwa. Amagula mapadi okha nkumapita, disiki osaiyang'ana. Bambo aja anagwira chala cha mnzangayo nkuchiyendetsa padisiki: mizere yokhayokha ngati munda wolima kale, m'mphepete muli mlomo wokwera. Padi yatsopano ikakhala pamizere yotere imangogwira pamwamba pa mizereyo, buleki nkukhala yofooka, padiyo nkutha msanga. Kunjenjemera kwa chiongolero kuja ndi disiki imene yadyeka mosafanana, pena pokhuthala pena popyapyala.

Disiki ina imatheka kuipala pamakina kuti isalale. Koma iliyonse ili ndi malire ake, ndipo opanga amadinda nambala yake pachitsulo pomwepo, pambali pa malemba akuti MIN TH. Ikapyapyala kupitirira nambala imeneyo, imatentha msanga ndipo ikhoza kung'aluka. Zathu zitayezedwa zinapezeka kuti zadutsa kale. Panalibe kuchitira mwina koma kugula zina, ndipo ziwiri, chifukwa mabuleki sasintha mbali imodzi. Mukatero galimoto imakokera kumodzi poima, ndipo pamakona a ku Chikwawa kumodziko ndi kuphompho.

Pamsika tinapeza mapadi a mitundumitundu. Ena a m'bokosi, ena ochotsa m'magalimoto ogumuka, ena omata: chitsulo chakale achimatirira mnofu wina ndi guluu. Omatawa ndi otchipa zedi, ndipo thumba likakhala lopepuka amakopa. Koma guluu wosadziwika akatentha akhoza kutaya mnofuwo, buleki nkutha nthawi imodzi. Mnzanga anaguguda pachifuwa nkutenga a m'bokosi.

Ntchito yobwezera ndi imene imaonetsa makaniko weniweni. Kalipa anaimangirira ndi waya m'mwamba kuti isalendewere papaipi yake ya labala. Pokhala disiki anapakwecha dzimbiri lonse mpaka kuwala, poti kadzimbiri kochepa kamapendeketsa disiki yatsopano. Disikiyo anaitsuka mafuta amene imabwera nawo kufakitale. Pisitoni anaikankhira m'kati pang'onopang'ono ndi chopanira, mwana wake wa ntchito akuyang'anira kabotolo ka mafuta a buleki kuti asasefukire. Timapini tiwiri tomwe kalipa imatsetserekapo anatipukuta nkutipaka girizi. Kamodzi kanali katauma gwa, nchifukwa chake padi imodzi inatha kuposa inzake. Fumbi lakuda lija sanalole mwanayo kuliuzira ndi pakamwa, chifukwa mapadi ena amakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo.

Matayala atabwerera, anakhala pampando nkupopa buleki kangapo mpaka inalimba. Woiwala zimenezi amadzaponda koyamba phazi nkufika pansi, galimoto ikupitabe. Kenaka anazungulira nayo, kuthamanga pang'ono nkuchepetsa liwiro, kubwereza kangapo, kuti padi ndi disiki zizolowerane. Fulumira anadya gaga, abale.

M'mawa mwake tinauyamba wa kumunsi, kumbuyo kuli amayi awiri ndi mabelo awo. Titafika poyambira mtsetse, mnzanga anatsitsa giya kufika pa 2, injini nkumalira, galimoto ikutsika mwaulemu. Buleki amangoigusa pofika pakona nkuisiya kuti ipume. Alipo madalaivala amene pano amaika fili, ati kupulumutsa petulo. Amenewo amasiyira mabuleki okha katundu yense wa phiri. Mapadi akapsa amayamba kuterera, fungo lake ngati labala wowotcha. Kutenthako kukafika kumafuta a buleki ndiye zoopsa zenizeni. Mafuta a DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba akhoza kuwira pa 140 pokha. Akawira, buleki imangoti fwa ngati waponda siponji. Nchifukwa chake amati muziwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Kumanzere ndi kumanja mitengo inayamba kusintha, malambe nkuonekera, mphepo yolowa pawindo nkusanduka ya moto. Majuzi a ku Blantyre anavulidwa tisanafike pa Thabwa, pomwe msewu wa ku East Bank umapatukira. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, madzi ali phee ngati sakuyenda, nkukaima pa Dyeratu kuti amayi aja atsitse belo limodzi. Matayala a kutsogolo anali ofunda chabe, popanda utsi, popanda fungo.

Tsono inu a malonda, pokambirana mtengo wa hayala mumalimba pakamwa mpaka dalaivala kuchita thukuta. Limbaninso chimodzimodzi pa mabuleki. Mufunseni kuti mapadi anasintha liti, ndipo disiki anaiona kodi? Pepala la COF lisakugonetseni tulo, chifukwa limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, pomwe mapadi amadyeka tsiku ndi tsiku. Mukamva kulira kwa chitsulo mukadali mtauni, tsikani, katundu wanu atsikenso. Mukaona dzanja likupita pa fili pamwamba pa phiri, lankhulani mokweza, musaope kuti akuti ndinu ovuta. Ndipo musamukakamize kunyamula mabelo asanu pamalo pa atatu, pakuti belo lililonse loonjezera ndi moto woonjezera pamapadi.

Safunsa anadya phula. Msika wa ku Nchalo sukuthawa, ngakhale mufike masana.