Ndalama yanga ikhale ndi dzina langa

Ndalama ya mwana wasukulu ilibe mwini. Ukaisunga m'chitini, mu sokosi kapena pansi pa matiresi, pakhomo ponse amadziwa kuti ilipo. Tsiku limene ndiwo zasowa kapena mayunitsi a magetsi atha, maso onse amacheukira kwa iwe: "Tatibwereka K2,000, tibweza mawa." Kaya umachokera ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, mawu amenewa ukuwadziwa. Ukudziwanso kuti mawa lakelo silifika.

Sindikunena kuti makolo athu ndi oipa, ayi. Nsima yogulidwa ndi ndalamayo timadya nawo tomwe. Koma nafenso tili ndi zathu zomwe tikufuna kuchita. Ineyo Loweruka lililonse ndimathandiza azakhali kugulitsa kaunjika mumsika wa Ndirande, ndipo madzulo amandipatsa kangachepe. Cholinga changa n'chakuti ndikadzalemba MSCE ndisadzakhale pakhonde n'kumadikira zotsatira manja ali m'thumba. Ndikufuna kudzagula makina osokera, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuphunzira utelala. Makina sungagule ndi ndalama yomwe imachoka m'chitini sabata iliyonse.

N'chifukwa chake ndinapempha amayi kuti titsegule akaunti ku banki. Poyamba anaseka. "Iwe mwanawe, banki ndi ya anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi. Iweyo ukasungako chiyani?" Kenaka anafunsa funso lomwe linali kumtima kwawo: "Kapena ukufuna kutibisira?" Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, buku lake mukasainira ndinu. Ndikungofuna kuti ndalamayo izikhala patali pang'ono, kuti tisanaitenge tiziyamba taganiza kaye."

Tinapangana chonchi: ndikapeza K3,000, K1,000 ndi yapakhomo, K1,000 ndi ya sopo, zolembera ndi makope, K1,000 yotsalayo ndi ya ku akaunti. Yapakhomoyo ndimapereka ndekha asanandipemphe, ndiye palibe amene amaonanso ngati ndine womana. Ya ku akaunti sitiikhudza, pokhapokha patagwa matenda kapena maliro. K1,000 pa sabata ikuoneka yochepa eti? Koma pa masabata 52 ndi K52,000. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwa amene mukufuna kuyesa, zinthu zake zimayenda motere. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho akaunti ya mwana imatsegulidwa ndi kholo kapena womuyang'anira, ndipo iyeyo ndi amene amasainira. Kholo limatenga chiphaso chake cha unzika, iwe n'kutenga chikalata chosonyeza tsiku limene unabadwa. Ukakwanitsa zaka 16 ukhoza kukalembetsa chiphaso chako cha unzika ku NRB, ndipo usachedwe nazo, chifukwa akachifuna ku banki komanso polembetsa nambala ya foni. Mabanki monga National Bank, NBS, FDH, Standard Bank ndi First Capital aliyense ali ndi malamulo ake, ndiye funsani m'malo awiri kapena atatu musanasankhe.

Mukapita, musamangogwedeza mutu chifukwa choopa taye ya munthu wa pa kauntala. Funsani mafunso anayi awa. Ndalama yotsegulira ndi zingati? Ndi zingati zomwe ziyenera kutsala mu akaunti nthawi zonse? Kodi amadula ndalama mwezi ndi mwezi? Nanga chiwongoladzanja chake ndi chotani? Funso lachitatulo ndiye lalikulu. Ngati ukusunga K4,000 pamwezi koma akudulapo kena kake mwezi uliwonse, ndiye kuti ukutunga madzi ndi chidebe chobooka. Funsaninso ngati ali ndi ejenti kufupi ndi kwanu. Kukwera minibasi kupita ku Limbe kapena m'tauni ndi kubwerako kuti ukasungitse K1,000 n'kungolemeretsa kondakitala.

Anzanga ena akuti, "Aise, za banki n'zachikale, ine ndili ndi Airtel Money," ena akuti Mpamba. Zoona, n'zachangu ndipo ma ejenti ali paliponse. Vuto lake ndi changu chomwecho. Ndalama ya pafoni imakhala m'thumba mwako usana ndi usiku. Usiku bandulo ikatha, ndi *211# kapena *444# basi, yapita. Kwa anyamata ena imathera kubetcha mpira, chonsecho malamulo salola wosakwana zaka 18 kubetcha. Potapa kwa ejenti amakudulanso. Ine foni ndimaiona ngati njira yodutsira ndalama, osati nkhokwe.

Ndisakunamizeni, banki nayo ili ndi pofooka pake. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inaichepetsanso ndi 44 peresenti. Tonse tinaona mmene mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira inakwerera. Ndalama ikagona nthawi yaitali, nambala yake imakhala yomweyo kapena kukwera pang'ono ndi chiwongoladzanja, koma zomwe ingagule zimachepa. Amayi, omwe ali mu banki m'khonde, amandikumbutsa zimenezi kawirikawiri, ndipo sakunama. Koma ya m'chitini nayonso imachepa mphamvu chimodzimodzi, kuwonjezera apo ilibe chiwongoladzanja, imabwerekedwa, imabedwa, mwinanso kudyedwa ndi makoswe. Nzeru yomwe ndatolapo ndi yakuti usamasunge chisungiresunge. Dziwa chinthu chomwe ukufuna, dziwa mtengo wake, ndipo ndalama ikangokwana kagule. Ine miyezi ingapo ikadutsa ndimakafunsanso mtengo wa makina ku Limbe kuti ndidziwe ngati ndikuuyandikira kapena ukundithawa.

Chenjezo lina: nambala yachinsinsi ndi yako wekha. Si ya chibwenzi, si ya mnzako wa pa desiki, si ya munthu woimba foni n'kumati ndi wa ku banki. Banki yeniyeni sikufunsa nambala imeneyi. Mauthenga aja akuti "ndatumiza ndalama molakwika, bwezani" musamawathamangire musanaone nokha ngati ndalamayo yalowadi. Ndipo wina akakuuza kuti, "Mfana, ndibwereke akaunti yako ndilandirirepo ndalama, ndikugaira," kana. Ikapezeka kuti ndi yakuba, dzina lomwe apolisi adzalipeze ndi lako komanso la kholo lako.

Chomwe chasintha kwambiri kwa ine si kuchuluka kwa ndalama, popeza zikadali zochepa. Chasintha n'chakuti pakhomo pathu tsopano timakambirana za ndalama poyera. Mwezi ukatha, amayi ndi amene amayamba kufunsa kuti, "Ya makina ija yafika pati?" Mng'ono wanga wa Sitandade 7 nayenso wayamba kuvuta kuti amutsegulire yake.

Holide ikubwerayi ambiri tigwira maganyu, ena tigulitsa mandasi, ena mafirizesi. Musanalandire ndalama yoyamba, khalani pansi ndi amayi, abambo, agogo kapena aliyense amene amakusungani. Auzeni chomwe mukufuna kugula ndi mtengo wake, mugwirizane gawo lapakhomo ndi gawo lanu. Mukatero, atengeni mupite limodzi mukafunse mafunso anayi aja.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3