Kholowa wa Amai

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama kuli kamzere ka kholowa, uja pa msika amati kalembula. Amai anabwera naye kucokera ku Katete mu 1994, atamukulunga m'citenje conyowa. Kucokera pamenepo sanagulepo mbewu ina. Caka ciliconse ankadula nsonga ya mfundo zitatu kapena zinai, n'kuizika m'dothi, n'kumathirira madzi otsukira mbale. Ndinakula ndikudya kholowa ameneyu osadziwa kuti amai, amene sukulu anailekezera giledi 4, ankacita cinthu cimene lero ndimalemba pa bolodi kuti cloning.

Nkhani yake njosavuta. Mbewu yocokera ku duwa imatenga theka kwa make, theka kwa tate wake, ndiye imabadwa yatsopano. Koma nsonga yodulidwa ilibe tate. Maselo a pa mfundo amatulutsa mizu ndi mphukira, ndipo DNA yake ndi yomweyo ya comera cimene waduladula. Ndi mmene timabzalira cinangwa, nzimbe ndi nthoci. Mlimi amatero cifukwa safuna zamwai: akapeza cinangwa cosawawa, afuna comweco caka camawa.

Mu February 2024, masukulu atatsegulidwa mocedwa cifukwa ca kolera, ndinali kuphunzitsa zimenezi ku giledi 12. Titamaliza za zomera ndinalowa nkhani ya Dolly, nkhosa imene inabadwa pa 5 July 1996 ku Roslin Institute, ku Scotland. Ian Wilmut, Keith Campbell ndi anzawo anatenga selo la ku bere la nkhosa ya zaka 6. Anatenganso dzira la nkhosa ina n'kucotsamo phata lake, mmene mumakhala DNA. Analumikiza ziwirizi ndi mphamvu yocepa ya magetsi, dziralo n'kuyamba kugawikana ngati lakumana ndi mbewu ya mphongo. Kenaka analiika m'mimba mwa nkhosa yacitatu. Pa mazira 277 amene anayesa, panabadwa kamwana kamodzi. Ndinawauzanso za Futhi, ng'ombe imene inabadwa ku South Africa mu 2003 kucokera ku selo la khutu la ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri. Colinga ndi cija ca mlimi wa cinangwa: wapeza cabwino, usacitaye.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sakambakamba m'kalasi, anakweza dzanja.

"Ba Ticha, nanga munthu? Ngati muli na tsitsi yake cabe?"

Anzake sanaseke. Onse ankadziwa kuti mlongo wake wamng'ono anapita naye ku Heroes Stadium mu January, kumene ankagonekako odwala kolera, ndipo sanabwere naye.

Ndinayankha ngati mphunzitsi. Ndinati palibe munthu amene anabadwapo mwa njira imeneyi, kuti maiko ambiri amaletsa, ndiponso kuti mazira 276 aja amene analephera, pa munthu angakhale misozi ya azimai ambiri. Ndinaonjeza kuti ngakhale zitatheka, wobadwayo angakhale ngati mapasa ofanana nkhope: magazi amodzi, anthu awiri. Sangadziwe dzina la mlongo wake, sangakumbuke njira ya ku mpopi. Iye anangoti, "Zikomo, Ba Ticha," n'kuweramira m'buku. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, koma m'minibasi pobwerera mtima unandiweruza. Ndinamuyankha ngati kuti ineyo sindinafunsepo funso lotere.

Amai anatisiya mu 2022. Mvula yotsatira, madzi anadzaza m'komboni monga mwa masiku onse ku Kanyama, kumene pansi ndi mwala ndipo madzi alibe kolowera. Anakhala pabwalo milungu iwiri. Ataphwa, kholowa yense anali ataola. Pa maliro ndinalimba mtima, koma tsiku limenelo ndinakhala pa njerwa n'kulira ngati mwana, digiri yanga yonse ili m'nyumba.

Patapita masiku, amai ena acikulire amene tinkakhala nawo pafupi kale, asanasamukire ku Chawama, anabwera kudzationa. Ataona kuseri kuli mbee, sananene kanthu. Loweruka lotsatira anabweranso ndi kamtolo m'pulasitiki.

"Mwanawanga, uyu ni wa amai ako. Ananipatsa iwe ukali kuyenda na kabudula wong'ambika. Bweza pamalo pake."

Apa ndi pamene nzeru za m'buku zimandithera. Kunena mwa sayansi, kholowa amene ali kuseri lero si mdzukulu wa uja wa ku Katete. Ndi yemwe uja, thupi limodzi limene lakhala likudulidwa ndi kuzikidwa kwa zaka 30. Comera cimatha kubwerera cotero cifukwa cilibe zokumbukira zoti zitayike. Munthu ali nazo, ndipo sizikhala m'tsitsi.

Kufanana kumeneku kuli ndi mtengo wake. Zomera zikakhala thupi limodzi, matenda amene apha cimodzi amatha kupha zonse, ndipo amayenda m'nsonga zomwe timagawanazo. Nthoci ya Gros Michel, imene inkagulitsidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America, inagonja ku matenda a Panama m'zaka za m'ma 1950. Kuno kwathu, matenda oola mizu ya cinangwa anapezeka ku Chienge ndi ku Kaputa mu 2017, ndipo njira imodzi imene amafalikira ndi mitengo yobzala yocokera m'munda wodwala. N'cifukwa cake akatswiri amatenga kansonga kakang'ono kwambiri ka comera, n'kukameretsa m'botolo loyera kuti apeze mbewu yopanda matenda. Wa amai anapulumuka pa cifukwa cimodzi: sanamusunge pamalo amodzi. Akanakhala omana, bwenzi atathera m'madzi aja.

Mlungu wotsatira ndinapita kusukulu ndi mtolo wa nsonga. Mwana aliyense anabweretsa cigubu codula ndi dothi. Ndinawauza kumene kholowayu anacokera, za madzi aja, ndi za amai a ku Chawama. Sindinachule kolera. Mtsikana uja anazika yake mwakacetecete, ndipo pomaliza anapempha nsonga ina yaciwiri.

"Ya ndani?" ndinafunsa.

"Ya amai, Ba Ticha. Masiku ano sacoka m'nyumba. Mwina azituluka kukathirira."

Ndinamupatsa zitatu, ndipo ndinamuuza kuti imodzi akapatse a neba.