Kalata kwa Mwana Wanga Wopita ku Cobue

Fonte Boa, Tsangano

Mwana wanga,

Amako akuikira ufa, nyemba ndi mbatatesi m'thumba, ine ndaikamo pepala ili. Dzulo pabwalo anthu analankhula zambiri: za mowa, za akazi a m'madooko, za kutumiza ndalama kumudzi. Zonsezo n'zoona ndipo sindizibwereza. Koma pali nkhani imodzi imene palibe anaitchula, chifukwa kuno kumapiri ndi ochepa anaionapo ndi maso. Ndi nkhani ya sitima usiku.

Ukudziwa kuti nkhondo itakula mu 1986 tinathawira ku Ntcheu, ndipo ine ndinatsetsereka mpaka ku Msaka, kufupi ndi Monkey Bay, kumene ndinali mlovi wokoka ukonde wa chilimira mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Monkey Bay ndiye kwawo kwa sitima za ku Malawi. Kumene ukupita kwa amalume ako, ku Cobue, madzi ndi omwewo, ngakhale ife timati Lago Niassa, anzathu amati nyanja ya Malawi. Likoma uziiona uli pagombe, ndipo sitima ya Ilala imadutsa pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay, m'madzi omwe anthu amapheramo usipa.

Usanamizidwe ndi kuchepa kwa sitima. Ku Beira asodzi amadziwa kuti ngalande yolowera padoko ndi msewu wa zombo, amakhala tcheru. Panyanja yathuyi ukhoza kugona pamadzi masiku angapo osaonapo sitima, ndiye mtima umaiwala. Ena amawerengera tsiku, amvekere, lero si tsiku la Ilala. Nthawi ya sitima imalamulidwa ndi mphepo ndi katundu wa pamadooko. Yoyembekezeka madzulo imatha kufika pakati pa usiku, ndipo kuwonjezera apo pali za katundu, za asilikali ndi maboti a injini onyamula anthu, zomwe sizikuuza tsiku.

Chinthu choyamba uchiike m'mutu: sitima sikuona. Iwe uli m'bwato umaiona ngati mudzi woyaka magetsi, nkumaganiza kuti nayonso ikukuona. Ayi. Woyendetsa ali pamwamba, patali, ndipo bwato la mtengo limamira ndi kutumphuka pakati pa mafunde. Ngakhale radar imagwira bwino chitsulo, koma mtengo wotsika ngati bwato imatha kuuphonya, makamaka nyanja ikawinduka. Ukafika pafupi kwenikweni ndi mphuno yake, thupi la sitimayo limakubisa. Ndipo ngakhale atakuona, sitima ilibe mabuleki. Lole yodzaza mbatatesi ikamatsika mapiri a Tsangano sumaiyembekezera kuti iimire mbuzi, chonsecho loleyo ili ndi mabuleki ndi matayala ogwira pansi. Ilala ndi yaitali mamita 52, chitsulo chokhachokha, choyandama. Kaputeni akabweza injini, imapitabe patsogolo mtunda wautali isanaime.

Uwerenge masamu awa, poti sukulu unapita. Sitima yothamanga makilomita 18 pa ola imadya mamita 300 pa mphindi imodzi. Ukaiona ili pa kilomita imodzi, watsala ndi mphindi zitatu ndi kanthu pang'ono. Kodi mphindi zitatu zikwana kukoka chilimira? Sizikwana ngakhale kukangana za amene ayambe kukoka. Usiku mtunda umanamanso: nyali yomwe ukuti ili kutali ili pafupi kuposa mmene diso likukuuzira.

Tsono phunzira kuwerenga nyali. Malamulo ake anagwirizana maiko mu 1972, ndipo sitima zimawatsata kulikonse, panyanja yamchere ndi kuno komwe. Sitima ikamayenda imayatsa nyali yofiira mbali yake ya kumanzere, yobiriwira mbali ya kumanja, yoyera pamwamba, ndi ina yoyera kumbuyo. Zazitali zimakhala ndi zoyera ziwiri pamwamba, yakumbuyo yokwera kuposa yakutsogolo. Ukaona yofiira yokha kapena yobiriwira yokha, ukuiona cham'mbali. Ukaona yoyera imodzi yotsika popanda yofiira kapena yobiriwira, mwina ukuona kumbuyo kwake, ikukusiya, koma uziyang'anabe, chifukwa sitima ikakhala kutali zoyera ndi zomwe zimayamba kuoneka. Ukaona yofiira ndi yobiriwira pamodzi, zoyera ziwiri zija zitasanjikizana, ikubwera pa iwe. Pamenepo si pofunsa maganizo a munthu. Chovuta n'chakuti sitima yonyamula anthu imayaka magetsi ambiri a m'zipinda ndi pakhonde, ndiye yofiira ndi yobiriwira zimabisala. Uzifunefune dala.

Pali njira ina imene anandiphunzitsa mkulu wina wa ku Msaka. Loza nyali ya sitima ndi chinthu cha m'boti mwanu, kaya msomali, kaya phewa la mnzako, boti lili chilunjikire, iwe osasuntha mutu. Nyaliyo ikamasendera kutsogolo kapena kumbuyo kwa chizindikirocho, mudutsana. Ikangokhala pamalo amodzi nkumakula, mukukakumana. Mkuluyo sankadziwa kulemba dzina lake, koma zimenezi n'zomwe amaphunzitsa kusukulu za oyendetsa zombo.

Pothawa, usathawire kumene ikulowera ngati nkhuku pamsewu. Palasa modula, utuluke m'mbali mwa njira yake, ndipo uyambe msanga. Usayese kudula kutsogolo kwake podalira injini. Injini zathuzi zimadziwa nthawi yozimira. Dikira idutse, upite kumbuyo kwake, patali. Mafunde ake akamabwera, alandire ndi mphuno ya bwato, osati ndi nthiti. Ukamva hutala ikulira kafupikafupi kasanu, kaputeni akunena kuti sakumvetsa zomwe mukuchita ndipo akuona ngozi. Usatembenuke kufuna amene akuimbiridwa. Ndiwe.

Ukadzaona sitima yaing'ono ili ndi nyali zoyera ziwiri kapena zitatu zosanjikizana pamtengo umodzi, ndi yachikasu kumbuyo, ikukoka chinthu. Chokokedwacho chimatsalira patali, chamdima, ndipo pakati pali chingwe chimene sungachione. Pakati pamenepo sipadutsidwa.

Tsopano za nyali yako, chifukwa apa ndi pamene ndimaopa kwambiri. Usipa amaupha mwezi ukakhala mumdima, ndi njira ya nyali yotchedwa kauni. Siginala amakhala yekha m'bwato ndi nyali zowala, maso ali m'madzi kuyang'ana nsomba zikusonkhana, enanu muli m'boti kudikira kuti akuitaneni muzinge ukonde. Masiku athu zinali nyali za parafini zopopa, lero ndi mababu a batire owala kuposa pamenepo. Kuwala kumeneko kumapha maso. Munthu amene wayang'ana nyali yowala amatha mphindi 20 kapena kuposa maso asanazolowerenso mdima. Choncho gulu lonse limakhala lakhungu pa chilichonse chakunja kwa kuwalako, ndipo mwera ukamawomba phokoso la injini ya sitima limapita kwina. Ambiri amadzitonthoza kuti nyali zathu n'zowala, sitima itiona. Imaonadi nyali ya siginala. Koma boti la alovi lili pambali mumdima, mabwato okoka ukonde alinso mumdima, ndipo kaputeni akamazemba nyaliyo akhoza kukhotera pomwe muli inu. Nyali zikachuluka ngati tauni, iye amafunafuna mpata wamdima woti adutsepo, ndipo mumpata momwemo ndi mogona anthu otopa.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti ntchito yoyang'anira uzidzipatsa wekha, ngakhale wina asakutume. Khala chofulatira nyali, uziyang'ana mbali zonse, kumbuyo komwe. Anzako akamagona podikira siginala, mmodzi akhale maso, muzisinthana. Ndakuikira tochi m'thumba lapulasitiki ndi wezulo. Tochiyo si yowerengera ndalama kapena yofunira fodya. Sitima ikayandikira, iyatse msanga, uigwedeze, uwalitse boti lanu kuti aone kukula kwake, koma usaithire m'maso mwa woyendetsa nthawi yaitali, ungamuchititse khungu iyenso. Foni usiku ikhale m'thumba.

Za ukonde ndinene poyera, ngakhale amalume ako adzawerenge kalatayi. Chilimira ndi chodula, ndipo mlovi watsopano amaopa mwini zipangizo kuposa imfa. Zikadzafika posankha, taya chingwe. Ukonde uli ndi zoyandamitsa, mukhoza kuupeza kukacha, ndipo ukang'ambika umasokedwa. Ngongoleyo tidzagulitsira ng'ombe. Usadzimangirire chingwe padzanja kapena m'chiuno, ndipo kampeni kazikhala pomwe dzanja lifika.

Padooko palinso ngozi yake. Malo ambiri sitima imaponya nangula patali, anthu ndi katundu nkumatengedwa ndi maboti, nthawi zina usiku. Achinyamata amathamangirako kukapeza ganyu, maboti nkumapanikizana pakhoma la sitima, anthu akulumphira, matumba akuponyedwa. Usaike dzanja kapena mwendo pakati pa boti ndi chitsulocho. Kumbuyo kwa sitima usafikeko ngakhale ikuoneka yaima, chifukwa pulopela ikangozungulira madzi amakoka. Boti likadzaza mpaka madzi kufika m'milomo, tsika, ndalamayo ikupite.

Mwera, kuyambira Meyi mpaka cha mu Sepitembala, uulemekeze. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ilala yomwe udzaioneyo, imene inapangidwa ku Scotland, kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira nkuyamba ntchito mu 1951, inabwera pambuyo pa tsoka limenelo. Ngati mphepo inagwetsa sitima yachitsulo, bwato lako ndi chiyani? Tsiku la mwera ndi lomwenso kaputeni amavutika kukuona.

Kusambira kwa m'madziwe a kuno si kusambira. Sabata zoyamba upemphe ana a m'mphepete mwa nyanja akuphunzitse, akuseke mmene angathere. Safunsa anadya phula. Malipiro ako oyamba ugule jekete yoyandamitsa ija amati colete, ndipo uzivala, osati kutsamira. Usanaipeze, manga chigubu chopanda kanthu, chotseka bwino, pafupi ndi pomwe umakhala. Bwato likagubuduzika, likakamire, chifukwa mtengo umayandama ndipo ofunafuna amaona bwato msanga kuposa mutu wa munthu. Magetsi a kumtunda amaoneka pafupi, koma pakati pa nyanjayi pali malo akuya mamita pafupifupi 700. Gulu limene limanyamula kachasu kapena chamba popita pamadzi, ulisiye, ngakhale likhale lopha nsomba zambiri.

Ukafika uimbe pa foni ya mlongo wako. Undiuze ngati boti la amalume ako lili ndi nyali yoyera yakeyake, yosiyana ndi za kauni. Ngati lilibe, ndidzatumiza ndalama tikagulitsa tirigu.

Ndine bambo ako.