Mvula ya ku Ntchisi

Kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja, dzinja ndi nyengo yopirira. Mitambo ikada cha kum'mawa timathamangira kukaanula usipa pa thandala, kukokera mabwato pamtunda ndi kuyang'ana ngati denga silidontha. Ndicho chifukwa chake abale athu a ku Nkhotakota anatiseka atamva kuti tikukacheza ku phiri la Ntchisi m'mwezi wa Januwale. Anatikumbutsa kuti walira mvula walira matope. Matopewo tinawapezadi, pakuti msewu wochoka pa boma la Ntchisi kupita kunkhalango ndi wafumbi, ndipo m'dzinja umaterera kotero kuti wakabaza amakutsitsa kuti ukwere chitunda wapansi. Komabe tikunena mosakayika kuti amene akufuna kuidziwa nkhalango imeneyi apiteko mvula ikugwa.

Phiri la Ntchisi ndi lalitali mamita opitirira 1,600, pamene nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ikamakwera phirilo imazizira ndi kusanduka mitambo, ndipo ndiyo imasunga nkhalango yobiriwira chaka chonse, imodzi mwa zochepa za mtundu wake zimene zatsala m'Malawi. Kwathu tikati nkhungu timaganiza za tizilombo tija touluka pamwamba pa madzi ngati utsi. Kumeneko nkhungu ndi mtambo weniweni, umene umalowa m'mudzi m'mamawa, kubisa nkhokwe ndi khola, kenako n'kutseguka mwadzidzidzi kuti uone nyanja ikunyezimira kutali pansi.

M'nkhalangomo mvula imamveka mwina. Imayamba kuwomba masamba a pamwamba, iwe uli wouma pansi, ndipo pamapita kanthawi madontho asanakufike. Ikakata, mitengo imapitiriza kudontha kwa nthawi yaitali. Makungwa avala ndere, maluwa amera pa nthambi osakhudza dothi, ndipo mikuyu ina imene inamera pamwamba pa mitengo inzake yatsitsa mizu mpaka pansi ndi kuikulunga. Anchima amadumpha m'mwamba ndi kukugwetsera madzi m'khosi. Wotiperekeza, mnyamata wa m'mudzimo, anatiimitsa pa kamtsinje ndi kutiuza kuti tiyang'ane madzi. Mvula inali itagwa usiku wonse, koma madziwo anali oyera, mpaka miyala ya pansi inkaoneka. Masamba owola ndi mizu zimamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono. Kunja kwa nkhalango, kumene mitengo inadulidwa, mvula yomweyo inkatsika m'minda ili yofiira ndi dothi.

Mvumbi ukakula, chisangalalo chimasamukira pakhonde. Alendo sasowa chochita m'mudzi wa alimi. Amayi a pakhomo pamene tinafikira ankabwera ndi lichero la bowa wotola m'nkhalango ya miombo ya m'munsi mwa phiri: utale, ndelema ndi manyame. Anatichenjeza kuti mlendo asatole bowa payekha, pakuti wakupha amafanana ndi wabwino kwa maso osazolowera. Tinadya nsima ya nkhwani wotendera, tinaotha moto masana, chinthu chimene ana athu, ozolowera kutentha kwa kunyanja, anachiona ngati chodabwitsa. Ife tinatulutsa usipa wouma umene tinanyamula, ndipo unalandiridwa ndi manja awiri.

Pamoto pomwepo agogo a pamudzipo anatifotokozera zimene mbiri imanenanso, kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'nkhalango imeneyi pobisala nkhondo za Angoni. Mitengo imene inabisa makolo awo ndiyo lero ikuvutika ndi nkhwangwa, chifukwa anthu achuluka, minda yachepa, ndipo thumba la makala limabweretsa ndalama msanga. Sitingawaloze chala, popeza makala ambiri amayaka m'mbaula za m'matauni, ndipo nsomba zathu timaziwamba ndi nkhuni.

Apa ndi pamene ulendowu unatikhudza ngati anthu a kunyanja. Madzi a m'mapiri a Ntchisi amatsikira kwathu. Mtsinje wa Lifuliza ndi ina yotero imathira m'nyanja yaing'ono ya Chia, kum'mwera kwa Nkhotakota, kumene nsomba zimaswana. Dothi lokokoloka kumtunda limakakwirira malo amenewo, ndipo msodzi amene sanakwerepo phiri ndiye amabwerera ndi khoka lopepuka. Mvula imene timaiopa ikasefukira m'midzi yathu imakhala itadutsa kaye m'manja mwa anthu a kumtunda.

Choncho kwa amene angapite tikuti: nyamulani chovala chotchinga mvula, nsapato zogwira pansi ndi juzi, pakuti usiku kumazizira. Yendani m'mamawa, mabingu asanayambe. Musalowe m'nkhalango popanda wotsogolera wa m'mudzimo, ndipo mumlipire bwino. Gulani bowa, nthochi ndi khofi wa alimi a komweko osanenerera kwambiri. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ndalama imene wasiya imauza mudzi kuti mtengo woimirira ukhoza kudyetsa banja zaka zambiri, pamene wodulidwa umadyetsa sabata imodzi. Mudzi ukakhulupirira zimenezi, ife a kumunsi tidzaziona m'madzi a mitsinje yathu.