Kalata kwa mwana wanga wopita kukayamba ntchito pa bwalo la ndege

St Mary's,
Chitungwiza

Mwana wanga wokondedwa,

Wakulira pafupi ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, koma Mulungu wakupatsa ntchito kutali, ku bwalo la Victoria Falls. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pa basi, kudzera ku Bulawayo ndi ku Hwange. Ine ndi bambo ako takondwa kuti utangomaliza sukulu wapeza pogwira, pamene anzako ambiri akugulitsabe tomato ndi zovala za kaunjika pa Makoni ndi pa Chikwanha. Tsono mvera mawu angawa.

Ntchito yako ndi yolandira anthu apaulendo: kuona pasipoti ndi tikiti, kuyeza katundu pa sikelo, kumata chizindikiro pa sutikesi, ndi kuwalozera khomo lokwerera ndege. Chimene ndikufuna usaiwale nchakuti munthu woimirira kutsogolo kwako, mapepala ali m'manja, amakhala ndi mantha ngakhale wavala suti. Banja lathu likuwadziwa mantha amenewo. Agogo ako anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nadutsa ku Tete ndi ku Mutoko kudzafuna ntchito m'mafamu, ndipo moyo wawo wonse ankanjenjemera akamva mawu oti "chitupa". Ife ana awo, obadwira konkuno, ankatitcha Mabhurandaya. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife opanda dziko, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anatizindikira, nayikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho ukalandira pasipoti ya munthu, uilandire ndi manja awiri, umuyang'ane kumaso, umupatse moni.

Adzabwera agogo amene sanakwerepo ndege, atakumbatira thumba lawo, akukana kuti liyikidwe pa lamba chifukwa akuopa kuti sadzalionanso. Usawaseke. Uwaonetse kapepala ka nambala ya katundu wawo, uwamatire kuseri kwa tikiti, uwauze kuti thumbalo akalipeza komwe akupita. Ngati miyendo yawo ndi yofooka, uwayitanitsire njinga ya olumala asanapemphe. Adzabweranso wina wolusa chifukwa ndege yachedwa kapena sutikesi yake yasowa. Mkwiyo wakewo si wa pa iwe. Umusiye amalize, kenako umuuze zoona zokhazokha: chimene ukudziwa, chimene uchite, ndi nthawi imene umubweretsere yankho. Bodza lomutonthoza limabala mkwiyo woposa woyambawo.

Malamulo a ntchito uwaloweze pamtima. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi, koma kampani iliyonse ili ndi muyeso wake. Mabatire otchajira foni salowa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa akhoza kuyaka moto popanda woona. Alendo ambiri kumeneko amayenda ndi KAZA Univisa, yowalola kulowa mu Zimbabwe ndi mu Zambia. Pamene sukumvetsa, funsa akuluakulu ako. Safunsa anadya phula.

Tsopano mawu olemera. Pa bwalo la ndege madola amayenda poyera, ndipo malipiro a woyamba kumene ndi ochepa. Wina adzakupindira ndalama mkati mwa pasipoti kuti usaone makilogalamu opitirira. Wina, mwinanso wodziwana nafe, adzakupempha kuti umudutsitsire kaphukusi pa chipata popeza uli ndi chiphaso cholowera mkati. Ukane, mwana wanga, ngakhale atakhala malume ako. Sudziwa chimene chakulungidwamo, ndipo pogwidwa adzagwidwa ndiwe. Ine ndingadye nsima ya masamba chaka chonse ndi mtima woyera, koma sindingapirire kukuyendera ku ndende.

Chishona ndi Chingerezi uli nazo. Ukafika, phunzira moni wa Chindebele, wa Chinambya ndi wa Chitonga, chifukwa olankhula zilankhulozi ndiwo eni dera. Chichewa chako usachite nacho manyazi. A ku Livingstone ndi a ku migodi ya Hwange adzakumva, ndipo wapaulendo akamva chilankhulo cha kwawo pa kauntala mtima wake umakhala pansi.

Kumeneko nkotentha ndipo kuli malungo, choncho uzigona m'neti. Ukapeza chipinda ku Chinotimba kapena ku Mkhosana, usamayende wekha wapansi mbandakucha popita ku ntchito, chifukwa njovu zimalowa m'tauni usiku. Yunifomu uzisita madzulo, ndipo uzifika nthawi isanakwane. Malipiro oyamba usathamangire kutitumizira onse pa EcoCash; yamba walipira lendi, ugule chakudya, usungeko pang'ono zoti udzapitirizire maphunziro. Ukapeze mpingo sabata yoyamba yomweyo.

Bambo ako ndi achimwene ako akuti uyende bwino. Ukafika utiyimbire foni, ngakhale utakhala usiku. Ambuye akutsogolere ndi kukusunga.

Ndine mayi ako okukonda.