Kaliu Kamene Kanandithamangitsa

Pamene ndinali m'Sitandade 5 aphunzitsi athu anationetsa cithunzi ca mnyamata ali pa liwiro, nati, "Run ndiko kuthamanga." Ife tinabwereza katatu mokweza mau, ndipo ine ndinaganiza kuti ndathana nalo liu limeneli. Sindinadziwe kuti kaliu ka malemba atatu okha kadzandicititsa manyazi pamaso pa akulu-akulu, ndi kutsala pang'ono kundibweza ku mudzi.

Zinacitika caka catha pa chuthi ca Khirisimasi. Bambo wanga anamwalira ine ndiri m'Fomu 1, ndipo kuyambira pamenepo fizi yakhala yobvuta kwambiri, pakuti amai amangodalira kadimba ka tomato. Ahedi anali atapereka dzina langa kwa anthu ena othandiza ana osowa. Tsiku lina kalata inafika kwathu, ndipo popeza amai sadziwa Cingerezi, anandikhazika pa mphasa kuti ndiwamasulire. Mau oyamba anali akuti, "Your son is in the running for a bursary," ndipo m'munsi mwace anachula tsiku loti tikaonekere ku boma.

Ine sindinakayike konse. Ndinawauza kuti kudzakhala mpikisano wa liwiro, ndipo amene adzapambana ndiye adzalipiridwa fizi. Mtima wanga unagwa pomwepo, cifukwa inu nonse a ku hositelo kwathu mudziwa kuti pa masewera ine ndimafika anthu atayamba kale kusonkhanitsa mipando. Ndinati, "Amai, musataye ndalama ya basi." Koma iwo anakana, nati, "Miyendo uli nayo iwiri monga anzakowo." Anagulitsa nkhuku ziwiri, ndipo ine ndinatseka mabuku onse. Masabata awiri athunthu ndinali kudzuka mbandakuca kukazungulira dambo, agalu a eni ace ali pambuyo panga, kufikira anthu opita ku munda anayamba kufunsana ngati mwana wa mai uja ali bwino-bwino.

Tsikulo litafika ndinabvala kabudula ndi nsapato zothamangira zobwereka. Polowa m'cipindamo ndinapeza anzanga 11 atakhala pa benci, atabvala yunifolomu yosita, ena alikuwerenga makope ao. Bwalo la mpikisano panalibe. Panali tebulo lokha, ndi akulu atatu ofunsa mafunso. Mmodzi wa iwo, mai wa magalasi, anandiyang'ana kuyambira ku mutu kufikira ku mapazi, nafunsa cifukwa ca cibvalidwe canga. Nditalongosola, anaseka mpaka anabvula magalasiwo. Amai anga sanaseke, ndipo nkhope yao ya tsiku limenelo sindidzaiiwala. Pamenepo mai uja anandiuza kuti mauwo anacokera ku mipikisano ya akavalo ku England, kumene kavalo amene akali ndi mwai wopambana amanenedwa cotero. Kalata ija inali kungonena kuti dzina langa liri pakati pa amene alikuganiziridwa. Kenaka anati ndipange ziganizo zisanu za "run", ciri conse ndi tanthauzo lace-lace. Thukuta liri kamu-kamu ndinapeza zitatu. Anatenga ana 4, ndipo ine ndinali wotsiriza pa mndandanda, monga mwa cizolowezi canga.

Titatsegulira sukulu ndinayamba kulisaka liu limeneli monga mbewa, ndipo ndinapeza kuti una wace uli ndi makomo ambiri. Pa asembule ahedi anadandaula kuti wina anasiya mpopi "running" usiku wonse. Amene agwidwa ndi cimfine mphuno yace imacitanso "run", cingakhale iri pomwepo pa nkhope. Injini ya cigayo imacita "run" yosasuntha pa simenti pace. Woyang'anira khichini amacita "run" khichiniyo, koma ine sindinamuonepo akufulumira ngakhale nyemba zirikupserera. Ndipo pa cisankho ca mu September 2025 wailesi inali kuchula "running mate" usana ndi usiku, kunena munthu woima pamodzi ndi wofuna upulezidenti, onse awiri akuyenda pa galimoto.

Izi zonse munthu angathe kuzimvetsa pang'ono, pakuti muli cinthu coyenda kosalekeza, kaya madzi, kaya makina, kaya nchito. Cimene cimanditopetsa ine ndi timau tating'ono totsatira pambuyo pace. Mukaika "out of", ndiye kuti ufa watha m'sitolo ya sukulu, ndipo madzulo amenewo tigona ndi phala. Mukaika "into", mwakomana ndi mnzanu mosayembekeza. Mukaika "over", galimoto yaponda mbuzi. Mukaika "away", pamenepo ndiye mwafika pa kuthawa, kumene ife tiri nalo liu lace lapadera.

Aphunzitsi athu a Cingerezi, poona kubvutika kwanga, anandiuza za dikishonale yaikuru yochedwa Oxford English Dictionary. Pamene inasindikizidwa kaciwiri mu 1989 inali mabuku 20, ndipo liu lopambana onse pa kucuruka kwa matanthauzo linali "set", limene linali nao 430. Koma mu 2011 munthu wina wa nchito imeneyi, Peter Gilliver, anatsiriza kulembanso za "run" atakhalirapo miyezi 9, napeza matanthauzo 645 a mneni yekha. Nditamva izi ndinatonthozedwa ndithu. Ngati mwini cinenero anatha miyezi yonseyo ali ndi mabuku pa tebulo, nanga ine wa pa mphasa?

Poyamba ndinali kunena kuti Angerezi ndi anthu aumbombo ndi mau, osenzetsa liu limodzi katundu wa mudzi wonse. Koma mnzanga wogona bedi la pamwamba anandifunsa usiku wina kuti, "Nanga kumva?" Tinayamba kuwerenga mu mdima. Timamva belu ndi makutu, timamva fungo la nyemba ndi mphuno, timamva kukoma ndi lilime, timamva kuzizira ndi khungu. Timamva njala, timamva cisoni, timamva masamu akalongosoledwa bwino. Mwana wosamva ali nao makutu abwino-bwino, ndipo nsaru yosamva sopo iribe makutu konse. Tinafika pa 14 pamene pulifekiti anatikalipira kuti, "Kodi inu simukumva?" ndipo sitinagwirizane ngati limenelo linali la 15 kapena tinali titaliwerenga kale.

Nsapato zija ndinabweza kwa mwini wace zitang'ambika ku cala cacikuru, ndipo ndikali naye ngongole. Amai akalandira kalata ya Cingerezi masiku ano amandipatsabe kuti ndiwerenge, koma ndikatsiriza amaipinda bwino-bwino, napita nayo kwa aphunzitsi a ku pulaimale kuti akaimvenso kaciwiri.