Gemu Ikakukola, Mwanawe

Wokondedwa mwana wanga,

Kalatayi ndaiika m'thumba la jekete limene amayi ako akugulira poopa kuzizira kwa ku Mzuzu. Uiwerenge uli m'basi, kaya pomwe muzidzadutsa m'nkhalango ya Chikangawa foni itasowa chochita. Za sukulu, za ndalama ndi za atsikana tinakambirana kale pamaso pa amalume ako, sindibwerezanso. Yatsala nkhani imodzi imene sindikanaitchula pagulu paja, chifukwa akanatiseka tonse awiri. Ndi ya gemu yako ija, Old School RuneScape.

Mlongo wako ndiye anandinong'oneza. Akuti masiku ano umaitsegula, kamunthu kako n'kuima pa banki ya ku Varrock, iwe n'kumangoyang'ana katundu amene wakhala ukuunjika kuyambira uli Fomu 2, kenako n'kutseka osachita kanthu. Akuti unamuuza kuti, "Yandikola, koma kuisiya ndiye ndikuchita manyazi." Sindinadabwe. Kale magetsi akathima foni yako ili pafupi kutha moto, nyumba yonse inkadziwa. Miyezi yapitayi akathima umangotembenukira kukhoma n'kugona.

Ndiyambe ndi masamu, popeza ndiyo ntchito imene yakulera. Unandifotokozera tsiku lina kuti pafupifupi luso lililonse mmenemo, kaya kudula mitengo, kuwedza nsomba, kukumba miyala kapena kuphika, limayambira pa levo 1 n'kukathera pa 99. Ndinakupempha mndandanda wa mapointsi ake, ndipo ndinakhala nawo pansi ndi pensulo monga ndichitira ndi mapepala a ana. Kuti ufike pa levo 2 pamafunika mapointsi 83 okha. Kuti ufike pa 99 pamafunika 13,034,431. Ana anga a m'kalasi nditawafunsa kuti theka la ulendowu lili pati, onse anati pa 50. Lili pa 92. Pakangodutsa malevo pafupifupi asanu ndi awiri, mapointsi ofunika amawirikiza kawiri. N'chifukwa chake tsiku loyamba lija unkakwera malevo angapo pa ola limodzi, timagetsi tikuphulika pamutu pa kamunthu kako ndi kanyimbo pamwamba, pomwe lero umadina mtengo womwewo kwa masabata kuti nambala isunthe kamodzi. Ntchito sinasinthe, ndi yodina n'kudikira, koma malipiro akunka natalikirana. Ndipo pamene malipiro otsimikizika atalikira, pamalowa a mwayi: chilombo chimene chimagwetsa chinthu chosowa kamodzi pa maulendo mazanamazana, china mpaka masauzande, iwe n'kumachipha usiku wonse uli "mwina ulendo uno". Mawu amenewo uwasunge, ndibwereranso kwa iwo.

Ndiye ukamadzifunsa kuti chakulakwikira n'chiyani, ine ndikuti palibe. Munthu wamutu wabwino amafika potopa ndi mndandanda wotero. Amene anaulemba, a kampani ya Jagex ya ku Cambridge, sindikuwanena zoipa. Ndi amalonda, amadya pamene munthu akhalitsa, ndipo ntchito yawo anaigwira mwaluso, poti RuneScape inayamba mu 2001 ndi anyamata apachibale, Andrew ndi Paul Gower, iwe usanabadwe, koma mpaka lero ikadali ndi anthu. Koma anthuwo amabwera n'kumapita. Gemu ina yotchuka ya mtundu womwewu, World of Warcraft, inafika pa anthu olipira mwezi ndi mwezi okwana 12 miliyoni mu 2010. Pofika mu 2015 anali atatsika mpaka 5.5 miliyoni, ndipo eni ake analeka kulengeza chiwerengerocho. Mamiliyoni onsewo anaimapo pa banki yawo n'kumayang'ana katundu ngati iwe.

Ngakhale gemu yakoyo inabadwa chifukwa cha kunyansidwa kwa anthu. Osewera akale sanakondwe ndi momwe RuneScape inasinthira, ndipo mu 2013 anavota kuti kampaniyo iwabwezere ya mu 2007. Ndiyo Old School imeneyo, imene mu 2018 inafika pa mafoni n'kudzatipeza ife kuno ku Chilomoni. A World of Warcraft nawonso anabwezeretsa yawo yakale mu 2019. Ine ndikaona zimenezi ndimaganiza kuti ambiri mwa anthu aja sankalira gemu, ankalira zaka zawo za unyamata. Iwenso tsiku lina udzamva kanyimbo ka mu gemumo ka ku Lumbridge mtima n'kukukoka. Ukadzafuna kubwerera udzabwerere, si tchimo. Koma udzadziwiretu kuti madzulo aja a pakhonde pano, mlongo wako akusuzumira paphewa pako, sasungidwa pa seva ya munthu.

Tsopano za manyazi akowo. Ndikuganiza kuti akuchokera kuwiri.

Koyamba ndi nthawi imene unathira mmenemo. Ukudziuza kuti ukasiya pano, maola onse aja ndi mabandulo onse aja apita pachabe. Mwanawe, maolawo anapita kale, upitirize kapena usiye. Nzimbe ikatha madzi munthu amalavula, sapitiriza kutafuna chifukwa choti anaigula. Ndipo madziwo unamwadi. Unasangalala, ndipo kusangalala kwa mwana si chinthu chofuna kupepesa. Chizungu chako cholemba chinathamanga chifukwa chokangana ndi anthu a kutali. Chimene chinanditsegula maso kwambiri ine ndi nkhani ya bond ija. Titakuuza kuti m'nyumba muno mulibe khadi yolipirira zinthu za kunja, sunalire. Unapeza kuti umembala ungagulidwe ndi golide wa mu gemu momwemo, ndipo unatenga kope lakale la Jogalafe n'kuyamba kulemba mitengo ya pa msika wa Grand Exchange, m'mawa ndi madzulo, chimene wagula, chimene wagulitsa, chimene chatsala. Kopelo ndinaliona. Mizere yake inali yowongoka kuposa ya m'kope lako la masamu, zimene zinandipweteka pang'ono monga mphunzitsi. Mwana amene ankalephera kusunga K500 kufika Lachisanu anadikira masabata osakhudza chuma chake mpaka chitakwana. Luso limenelo silili mu akaunti. Lili mwa iwe, ndipo kusukulu ku Luwinga ukalifuna mwezi ukafika pakati ndalama ya chakudya itayamba kuonda.

Kwachiwiri ndi anthu, ndipo apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Gulu lanu lija, mnyamata wa ku Brazil uja ndi mayi uja wa ku Scotland wogwira ntchito usiku, amene anakutumizira uthenga wachipepeso agogo ako atamwalira, ndi anthu enieni. Amakudikira Loweruka usiku chifukwa pali malo ako pa nkhondo zawozo. Ukungolowa n'kutuluka chifukwa ukuopa kuwakhumudwitsa, koma kuteroko ndiye kuwakhumudwitsa kwenikweni, poti amayembekeza munthu amene mtima wake unachoka kale. Kwathu kuno munthu sasamuka pamudzi usiku. Amapita kwa anansi, amabweza khasu limene anabwereka, amanena kumene akupita. Uchite chimodzimodzi. Ulembe pa Discord panupo kuti wayamba sukulu ya ukachenjede, kuti gemu yakukola, kuti malo ako apatse wina. Ngati pali katundu wa gulu amene uli naye, ubweze. Usanamizire netiweki ya ku Malawi, ngakhale ndikudziwa kuti bodza limenelo angalikhulupirire msanga. Ukanama adzakudikirabe, ndipo iwe uzidzathawa mauthenga awo ngati wangongole.

Ukatsazika uona chinthu china chowawa pang'ono. Mwa anthu makumi angapo a m'gulumo, mwina awiri kapena atatu ndiwo apitirize kukulembera. Ena onse mudzangotayana. Usawaone ngati achinyengo. Munkagwira ntchito limodzi, ntchito yatha. Ine ndaphunzitsa m'sukulu zingapo, ndipo mwa aphunzitsi onse amene tinkamwera nawo tiyi m'sitafu ndi ochepa chabe amene ndikali ndi manambala awo. Awiri atatu otsalawo uwasamale.

Akauntiyo usagulitse. Ndikudziwa kuti pali anthu amene amagula maakaunti ndi golide wa mu gemu ndi ndalama zenizeni, ndipo nkhani ya anthu a ku Venezuela amene ankadyetsa mabanja awo mwa njira imeneyi chuma cha dziko lawo chitagwa inamveka dziko lonse. Iwowo inali njala. Iwe tsiku lina ndalama idzakuthera mwezi usanathe, ndipo maganizo amenewa adzakubwerera. Malamulo a gemuyo amaletsa, akaunti imatha kutsekedwa, ndipo wogula amene sukumuona nkhope angatenge zonse osakutumizira ngakhale tambala. Ukasowa ndalama uimbire ine, tidzakangana pang'ono kenako ndidzatumiza. Akauntiyo uikire chitetezo chija cha nambala yobwera pa foni, n'kuisiya. Kamunthu kako sikamva njala, ukadzabwerako patapita zaka udzakapeza kataima pomwe unakasiya.

Chimene chikundisowetsa tulo ine si gemu imene ukusiyayi koma malo amene ikusiya. Kwa zaka zonsezi madzulo ako anali ndi mwini wake. Tsopano ukhala m'chipinda chachilendo, mvula ya ku Mzuzu ikuwaza panja, foni ili m'manja, zala zozolowera kudina n'kudikira zikuyabwa. Mnzako wa m'chipinda kapena wa chipinda choyandikana adzakuonetsa kandege kaja kobetchera ndalama. Adzati ndi gemu basi, ndipo iwe poti ndiwe katswiri wa magemu uigwira msanga. Adzakuonetsa tsiku limene anawina, sadzakuonetsa masiku ena onse. Mmenemo mulibe luso lililonse loti ungakweze, mulibe kope limene lingakuthandize. Muli "mwina ulendo uno" yekhayekha, yemwe uja unkanena popha chilombo usiku, koma tsopano kumene kukuthera ndi m'thumba mwako, makwacha enieni amene amayi ako amawerenga kawiri asanatumize. Masamu ake ndi osavuta: kampani yobetchetsa imaika mwayi mwakuti pa anthu onse osewera iyo izitsala ndi phindu, apo ayi bwenzi itatseka kalekale. Ndaonapo mwana wa Fomu 4, wanzeru kuposa anzake onse m'kalasi, atakhala pansi kuseri kwa labu akulira chifukwa ndalama ya mayeso inauluka ndi kandege m'mphindi zochepa. Ndiye ndikuuze mosabisa, ngakhale amayi ako angadabwe kumva ine ndikunena izi: usiku wina zala zikakuyabwa kwambiri, kuli bwino ubwerere kukadula mitengo yako ija kusiyana n'kuika K100 pa kandege.

Masabata oyambirira uzisowa chochita, ndipo palibe vuto. Usathamangire kufunafuna gemu ina yoti ilowe m'malo. Uli ndi Chitumbuka choti uphunzire, ndipo ukachiphunzire pamsika ndi m'minibasi, osati kumangoyenda ndi anyamata a ku Blantyre okhaokha ngati kuti simunachoke kwanu. Azakhali ako ku Chibavi akukuyembekezera Lamlungu. Nyanja ku Nkhata Bay si kutali. Zina udzazipeza wekha, ine sindingakusankhire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna undiyankhe moona. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kulowerera m'magemu mpaka kulephera kudziletsa, kusiya zofunika zina zonse ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka, ndi matenda. Amayi ako atamva zimenezi pa wailesi anakuyang'anitsitsa kwa miyezi. Iwe sunafike pamenepo, mayeso unakhoza, kutchalitchi unkapita, ndipo lero ndiwe amene ukuchokamo wekha. Koma pali matenda ena amene amalowera khomo lina, ndipo chizindikiro chake choyamba chimakhala chomwechi, munthu kuleka kukondwera ndi chimene ankachikonda. Ndiye udzifunse. Kodi ndi gemu yokha imene yasiya kukoma, kapena ndi zonse? Ngati mpira ukadakusangalatsa, nsima ikulowa, nthabwala za mlongo wako zikukuseketsa, ndiye kuti wangokula. Koma ngati zonse zazizira pamodzi, tulo tikuvuta, chakudya sichikukoma, anthu akukutopetsa, m'mawa kudzuka kuli ngati chilango, ndipo zapitirira masabata awiri, imeneyo si nkhani ya gemu. Ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Ku Mzuzu komweko kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi imeneyi. Amuna a kwathu kuno tinaphunzitsidwa kuyankha kuti "ndili bwino" ngakhale zinthu zitafika pothina, ndipo ena tinawaika m'manda akadali ndi yankho lomwelo. Kwa ine usadzayankhe choncho ngati si zoona. Ukaona kuti kundiuza ine n'kovuta, uuze amayi ako kapena azakhali ako, bola wina adziwe.

Gulu lako ulitsazike sabata yomwe ino, makalasi asanayambe. Ukangotsika basi uimbire amayi ako, chifukwa sagona mpaka atamva mawu ako. Ndiponso mng'ono wako wayamba kale kufunsa mlongo wako ngati akudziwa pasiwedi yako. Usampatse, chaka chino ali ndi mayeso a Sitandade 8.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine,
Bambo ako